Legacy yanga ya turbo yakwanitsa miyezi 14: injini ili bwino, thumba ndi lomwe lamva

Nditangoigula mu Ogasiti chaka chatha ndinalemba mawu pang'ono oitamanda, ndipo ambiri munandiyankha chimodzimodzi: Subaru ya turbo yoti yayenda makilomita 187,000 ndi msampha, injini inoka Khirisimasi isanafike. Khirisimasi ija inadutsa, mvula inagwa n'kutha, pano tili m'chilimwe china ndipo pa dashibodi pakuwerenga 206,400. Injini sinanoke. Koma musandiombere m'manja msanga, ndalama zatuluka ndithu, kungoti zatulukira khomo lina.

Kwa amene simunaione, ndi Legacy Touring Wagon 2.0GT ya 2007, ija okonda Subaru amangoti BP5. Mtundu umenewu unapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2009. Injini ndi EJ20 ya malita awiri, giya ndi ya otomatiki ya masitepe asanu, ndipo matayala onse anayi amakoka nthawi zonse. Ku Japan ya otomatiki inkalembedwa mphamvu za akavalo 260, pomwe ya manyuwo inali 280. Kuno ine ndine mwini wake wachiwiri. Woyamba anaiitanitsa kudzera pa Dar es Salaam, inalowera pa Songwe, ndipo pondigulitsa analumbira kuti "zonse ndinkasintha pa nthawi yake." Kapepala ngakhale kamodzi analibe.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kasitika kofumbwa kamene kanamatidwa m'boneti, kolembedwa Chijapanizi. Mawu sitinawamve, koma manambala tinawawerenga: 98,000. Makaniko wanga, mdala wa ku Biwi amene wagwira ma Subaru ambiri, anakapukuta ndi chala chamafuta n'kunena kuti, "Achimwene, apa m'pamene anasinthira timing belt. Lamba ameneyu ndi wa ku Japan komweko. Mukufuna mudikire aduke?" Lamba wa injini iyi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo akaduka muli pa liwiro mavalavu amakumana ndi mapisitoni, basi mwagula injini ina. Sindinadikire kuti tifike 198,000. Tinasintha lamba, water pump, tensioner ndi timawilo tonse timene lambayo amayendapo. Kawilo kamodzi, kokhala ndi mano, titakazunguza pa dzanja kanalira ngati mwathira mchenga. Mdala uja sanalankhule, anangondipatsa kuti ndimve ndekha. Ndinakasunga, kali pa windo la ku ofesi.

Tsiku lomwelo anatsegulanso kabauti kamene kali pa paipi yopititsa oilo ku turbo. M'kati mwake muli kasefa kochepa ngati njere ya nandolo, ndipo kakatsekeka ndi litsiro turbo imauma n'kufa mwakachetechete. Kanga kanali kakuda koma kosatsekeka. Kuyambira pamenepo oilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, 5W-30 wabwino, osati wa m'madiramu otsegula a m'mbali mwa msewu. Imamwako pang'ono pakati pa sevisi, ngati theka la lita, choncho Loweruka lililonse ndimasolola dipusitiki.

Zomwe zandidyera ndalama kwenikweni ndi malabala. Chitsulo cha galimoto iyi n'cholimba, koma chilichonse cha labala kapena pulasitiki chatha zaka 18 chikupsa. Poyamba kunali fungo la oilo wopserera ndikaima pa maloboti. Injini ya Subaru ndi yogona, masilinda awiri mbali iyi awiri mbali inayo, ndiye gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu ikauma oilo amadonthera pa ekizosi mwachindunji. Tinasintha mbali zonse, ndipo poti tinali titafika kale kumeneko tinaikanso mapulagi, chifukwa kuwafikira ndi ntchito yokanda zala. Kenaka CV boot (labala yosunga girisi pa mfundo ya shafuti yozunguza tayala) ya m'kati ya kumanja, imene ili pafupi ndi kutentha kwa turbo, inang'ambika n'kumwaza girisi. Kenaka mabushi a kutsogolo anayamba gu! gu! pa mahampu. Chomaliza, ndipo ichi ndiye chinandiopsa, ndi radiyeta. Mutu wake ndi wapulasitiki, ndipo unachita mng'alu wonga tsitsi tili pafupi ndi Lizulu. Ndinaona kanthunzi kakutuluka pa kakamwa kolowetsa mphepo ka pa boneti, ndinaima pomwepo singano isanakwere. Tinadikira maola atatu, madamu anagula kabichi ndi mbatatesi zokwana mwezi, ndipo m'galimoto pobwerera munali zii.

Masipeya amapezeka, koma ambiri ndi ochotsa ku magalimoto ophwasulidwa, ndipo labala yakale kuichotsa pa galimoto ina yakale n'kungosinthanitsa mavuto. Zatsopano ndimaitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa mlamu wanga, n'kudikira sabata ziwiri. Ngati iyi ikanakhala galimoto yokhayo pakhomo, bwenzi ana akupita kusukulu pa kabaza kangapo.

Matayala ndi nkhani ina imene sindinaiwerengere. Saizi yake ndi 215/45R17, opyapyala m'mbali, ndipo maenje a m'misewu yathu sawamvera chisoni. Limodzi linatupa chotupa nditagwera m'dzenje usiku mvula ikugwa. Pa Corolla mukanangogula limodzi la kaunjika n'kumapita. Pa iyi matayala anayi onse ayenera kufanana mtundu komanso kutha kwake, apo ayi zitsulo zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo zimavutika. Ndinagula anayi. Mwezi umenewo nyama inasowa pa mbale.

Za mafuta sindikunamizani. M'tauni muno, kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town m'mawa, lita imodzi imandipatsa makilomita 7 kapena 8. Pa ulendo wautali ndikaigwira bwino imafika 11, nthawi zina 12. Thanki ndi ya malita 64. Pali kabatani ka SI-Drive pafupi ndi giya, kamene Subaru inayamba kuika mu 2006. Ndikaika pa Intelligent galimoto imafatsa ndipo singano ya mafuta imatsika mwaulemu. Nthawi ya mizere ya mafuta kumapeto kwa 2024 ndinagonapo pa filling station kawiri. Anyamata a zigubu ankabwera pa windo, "Bigi, tili nawo woyera," koma ndinakana. Injini iyi inapangidwira petulo wa octane yapamwamba, ndipo kuithira wosakaniza ndi palafini ndiye njira yachidule yokwaniritsira ulosi wanu uja. Inakhala pa khonde masiku 9.

Ndiye n'chifukwa chiyani sindinaigulitse? Khwekhwerere. Amene munatsikapo msewu wochoka ku Dedza kupita ku Golomoti mukudziwa makona aja opindika ngati njoka. Pobwera kuchokera ku nyanja, galimoto itadzaza ana, katundu ndi bokosi lozizira la chambo, ndinapotoza kabatani kaja kufika pa Sport Sharp. Pamene magalimoto ena amalira n'kumafunafuna giya, iyi imangopuma kamodzi, turbo n'kuimba kamluzu, phiri n'kusanduka chigwa. Pa kona simva kutsetsereka ngakhale tara atanyowa, imagwira pansi ngati yabzalidwa. Pa M1 kupitirira lole ya fodya kumatenga kamphindi kochepa kwambiri moti mtima sukhala m'mwamba. Madamu, amene sagwirizana nayo galimotoyi, anangoti, "Inu bambo, muli ana muno," koma ndinaona kuti nawonso akumwetulira.

Kumbuyo n'kotakasuka. Mukagwetsa mipando matiresi a munthu mmodzi amalowa. Ndinanyamulamo matumba asanu a chimanga kuchokera kumudzi, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira malire ake: galimotoyi ndi yotsika, ikalemedwa mimba imakhula pansi pa kamtunda kalikonse. Msewu wafumbi wa kwathu nyengo ya mvula ndimaisiya pa sitolo ya pa tara n'kumaliza wapansi. Kukoka kwa matayala anayi sikuthandiza kanthu mimba ikakhala pa mtumbira.

Zing'onozing'ono ziliponso. Dashibodi yayamba kumata ndi kung'aluka chifukwa cha dzuwa, ndinaiphimba ndi kansalu. Zitseko zake zilibe felemu pamwamba, choncho mukapitirira 100 mphepo imaimba pa windo la dalaivala. Wailesi ya ku Japan imalekezera pa 90 FM, ndimangomvera za m'foni.

Mnzanga wa kuntchito wakhala akundinyengerera kuti ndimugulitse. Ndinamuonetsa envelopu ya malisiti a miyezi 14, imene nditawonkhetsa yadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene ndinaigulira, osawerengera mafuta. Anaiyeza m'manja, anaibweza, ndipo sanafunsenso. Mashoko a kumbuyo ayamba kunyowa, ndawaitanitsa kale, akufika Lachinayi.