Kuyenda wapansi ku Mulunguzi ndi ku Chikanda

Ku Mulunguzi, mumzinda wa Zomba, ambiri amayenda wapansi chifukwa afuna. M'mamawa amavala nsapato zothamangira, n'kudutsa mumthunzi wa ku Botanical Gardens, ena mpaka kukwera msewu wa Ku Chawe kuti atulutse thukuta. Akabwerako, kuntchito ndi pagalimoto, tsiku lonse pampando.

Ku Chikanda, mumzinda womwewu, mayi amayenda chifukwa palibe kuchitira mwina. Kumsika waukulu amapita wapansi, pobwerera dengu lili pamutu, poti ya kabaza ndi yomweyo ya ndiwo. Mvula ikagwa tinjira timaterera, kukada timaopsa, ndipo akafika pamsewu waukulu wa M3 amalimbirana malo ndi njinga zamoto. Amenewa ndi amene ine amandidetsa nkhawa. Mtunda amaudula kuposa anzawo aja, koma atasenza katundu, ndipo madzulo msana ndi mawondo zimakhala zikuwawa.