Masters ya security studies pa distance ndili ku Chipata: zabwino ndi zowawa zake

Anthu angapo akhala akundifunsa za kosi yomwe ndikuchita, wina mpaka anandiimitsa pa Kapata ndili ndi jumbo ya tomato m'manja, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi aliyense awerenge yekha. Ndi masters ya security ndi strategic studies, ya distance, pa yunivesite ina ya ku Lusaka. Dzina sinditchula chifukwa pali zoti ndidandaule ndipo risechi yanga ikadali m'manja mwawo, paja satukwana ng'ona usanawoloke.

Ine si msilikali, ndimaphunzitsa civic ku sekondale. Nditawauza amalume kuti ndayamba kuphunzira za chitetezo cha dziko anandiyang'ana pamimba nkundifunsa kuti "mphwanga, ku Gonda Barracks akakulandira ndi mimba imeneyi?" M'kalasi mwathu asilikali alimo ndithu, a army, a ndege za nkhondo (ZAF), a National Service (ZNS), apolisi ndi a immigration, koma tilimonso ife anthu wamba ndipo mfuti sitinaigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yake ndi kuwerenga, kulemba ndi kutsutsana.

Ndiyambe ndi chomwe chinandigwira mtima. Semesita yoyamba a lekichara ena achikulire anatiuza kuti strategy ndi mafunso atatu, ukufuna chiyani, udzera njira iti, nanga m'thumba uli ndi chiyani, ndipo zitatuzi zikasemphana ndiye kuti zomwe walembazo ndi maloto chabe. Chitsanzo sanakatenge kutali. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (lero Zimbabwe), atalengeza UDI, ufulu wodzipatsa okha popanda chilolezo cha Britain, mu November 1965, mafuta athu ndi kopa wathu zinkadzera ku Rhodesia, ndiye kuti mdani ndi amene anagwira khosi lathu. Boma la a Kaunda linayankha ndi paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam mu 1968, kenako njanji ya TAZARA yopita komweko yomwe anamanga ndi thandizo la China nkutha mu 1975, pamene Smith anali atatseka kale boda mu 1973. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana madeti amenewa ngati nyimbo, koma sindinaganizepo kuti njanji ndi chida cha chitetezo ngati mmene ilili ndege ya nkhondo. Kuchokera tsiku limenelo njanji yathu ya Chipata kupita ku Mchinji, ija anatsegulira mu 2010, ndimaiona mwina, dziko lopanda nyanja lozunguliridwa ndi maiko 8 silingadalire khomo limodzi, likufunikanso la ku doko la Nacala ku Mozambique, komwe njanji imeneyi imalozera.

Asainimenti yomwe inandiphunzitsa kwambiri inali policy memo, mapeji awiri okha, ngati ukulembera nduna yomwe ilibe nthawi. Mutu unali wa chilala cha 2024, chija a pulezidenti Hichilema analengeza mu February kuti ndi ngozi ya dziko lonse, ndi nkhani ya chimanga chodutsa boda mozemba. Ndinati apa pokha ndiwaonetsa, paja njinga zonyamula matumba usiku m'tinjira ta kumbali kwa boda ya Mwami sindichita kuwerenga m'buku. Ndinalemba kuti boma lichulutse asilikali m'malire, basi. Pepala linabwera lofiira ngati lagwera mu supu ya tomato, mamakisi 54. M'mphepete analemba mafunso okhaokha, ndalama zake zichokera pa bajeti iti, asilikaliwo akhalako miyezi ingati, mlimi wa ku Vubwi amene msika wake wapafupi uli kutsidya ndipo mtengo kumeneko uli pamwamba mwamupatsa chiyani kuti agulitse kuno, nanga a Malawi akakwiya nkubweza moto pa katundu wathu mutani? Zinandiwawa koma ankanena zoona. Nditalembanso ndinaikamo za mitengo, za mafumu, ndi zoti boda imeneyi inadula pakati pa anthu amodzi, a Gawa Undi ali ndi anthu awo ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika onse amabwera, ndiye simungawatenge ngati adani chifukwa cha thumba la chimanga.

Manje zowawa.

Mabuku ambiri omwe amatipatsa ndi a za America, NATO ndi Cold War, masabata kutha tikukambirana za mabomba a nyukiliya. Nkhondo ya ku Mozambique inapatsidwa sabata imodzi yokha. Chikhalirecho agogo anga a ku Chadiza mpaka lero amasimba mmene ankagonera kutchire chakumapeto kwa ma 1980 pothawa a RENAMO omwe ankalowa m'midzi ya m'malire, ndipo ku msasa wa Ukwimi ku Petauke kunadzaza othawa nkhondo mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Imeneyo ndi case study yokwana, mboni zake zikadali moyo, koma palibe anaiika pa kosi. Za zigawenga za ku Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique ndi asilikali a SADC omwe anapitako mu 2021 tinakambirana chifukwa choti mnzathu wina anaumirira.

China ndi anzathu ena a yunifomu, osati onse, mtsutso ukangowathina amati "izo ndi classified" nkhani nkuthera pompo. A lekichara ena amawaletsa, ena amangoseka.

Koma chonditopetsa zedi ndi kayendetsedwe kake, kosi amati ya distance koma anaikonza ngati tonse tikukhala ku Kabulonga ku Lusaka. Makalasi a pa Zoom amakhala madzulo, nthawi ya load shedding ija ndinkaphunzira foni ili pa power bank, ine nditakhala pa mpando panja pomwe netiweki imagwirako, udzudzu ukundidya, bundle ikutha a lekichara akadali pa moni. Marekodingi analonjeza kuti aziika, ena anaika patatha mwezi ena mpaka lero. Residential ndi masabata awiri ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East Road, thiransipoti, malo ogona ndi chakudya zonse zako, ndipo ulendo wina uthenga woti timetable yasintha unandipeza basi itawoloka kale Luangwa Bridge, ndinakakhala masiku atatu kwa mlamu wanga ndikungodya nsima ya eni. Ku accounts anandisowetsera deposit slip, results anatsekera sabata zitatu, mwayi ndinali nditaijambula pa foni. Jambulani pepala lililonse lomwe mwapereka, chonde. Fizi ya semesita imodzi inadya soya yense wa chaka chatha, amayi akunyumba akadali kundikumbutsa.

Ndiye muichite? Ngati muli mu yunifomu, ku boda, ku khonsolo, kwa DC kapena ku mabungwe oona za ngozi ndi othawa nkhondo, ikuthandizani, makamaka kalembedwe ka memo ndi kuwerenga bajeti. Ngati mukuganiza kuti pepalali likulowetsani ntchito ya intelligence, sungani ndalama zanu mugule feteleza. Musanalipire funsani kuti supervisor mmodzi ali ndi ophunzira angati, residential ndi kangati pa chaka, komanso ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi HEA, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo akuyankheni polemba osati pakamwa.

Maphunziro enieniwo ndikuwapatsa 4 pa 5, kayendetsedwe 2. Risechi yanga ndi ya malonda ozemba a m'malire a Chipata ndi Mchinji, chapter 3 ndinatumiza kwa a supervisor sabata 7 zapitazo, pa WhatsApp pali ma tick awiri a buluu, yankho kulibe. Lachisanu ndikwera basi ya 05:00 ndikawapeze ku ofesi.