Chipeso chamoto, bulowa kapena flat iron: chabwino ndi chiti kwa ife a tsitsi la natural kuno ku Dedza?

Amene tili ndi tsitsi la natural koma nthawi zina timafuna ligone bwinobwino, mwina kuli chinkhoswe kapena ukwati, tili ndi zida zitatu za moto zomwe zimapezeka kwathu kuno: chipeso chamoto chija cha pambaula, bulowa, ndi flat iron yomwe ena amangoti straightener. Ine ndimakonza tsitsi la anthu paboma pano ndipo zitatu zonsezi zimadutsa m'manja mwanga, nde ndati ndiziike pamodzi tione chomwe chimagoneka tsitsi osalipha, makamaka ndi nyengo ya ku Dedza yomwe siigwirizana ndi tsitsi lowongola olo pang'ono.

Timvane kaye pa zomwe moto umachita. Tsitsi linapangidwa ndi keratin, mtundu wa protein, ndipo mkati mwake muli timfundo tamitundu iwiri tomwe timaligwira kuti likhale lopotana. Tina ndi tofooka, timamasuka ndi madzi kapena kutentha kenako nkumangananso tsitsi likauma kapena likazizira, ndipo ndi timeneti tomwe chipeso, bulowa ndi flat iron zimasewera nato. Tina ndi tolimba, timadulidwa ndi mankhwala a relaxer. Ndiye kuwongola ndi moto ndi kwa kanthawi chabe, tsitsi likangomva chinyontho timfundo tofooka tija timabwerera mwakale. Apa mpamene ife a ku Dedza timavutikira, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mu June ndi July nkhungu imatsika kuphiri nkuphimba boma lonse, mawawa a chiperoni tsiku lathunthu, munthu kungochoka kunyumba kufika pa depoti kumizu kwatupa kale. Mawa lake amatenganso chida chija kuti akonze, mkuja chimodzimodzi. Tsitsi lambiri lopsa lomwe limabwera kwa ine silinapse tsiku lolikonza lija ayi, linapsa ndi kubwereza kwa m'mawa uliwonse kumeneku.

Chipeso chamoto ndi chomwe ambiri tinakula tikuchiona, ndipo si cha kwathu kokha, ku America chinatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi azimayi ochita bizinesi ya tsitsi ngati Madam C.J. Walker. Kagwiritsidwe kake mukukadziwa: makala afiire pambaula, chipeso chachitsulo chogwirira chamtengo achigoneke pamwamba, wokonzedwayo akhale pansi pakati pa miyendo ya wokonza atapinda khutu lake ndi chala, Vaseline pa kachigawo ka tsitsi, kenako wokonza uja apukute chipeso pa kansalu koyera, kansalu kakachita bulawuni adikire pang'ono, kakapanda kusintha alowetse m'mutu. Ubwino wake ulipo ndithu, tisanamizane. Sichifuna magetsi nde kaya muli ku Bembeke, ku Mayani kapena kumudzi kuseri kwa Lizulu chigwira ntchito basi, ndi chotchipa, sichionongeka, komanso mano ake amafika kumizu kwenikweni ndi m'mbali mwa chipumi momwe flat iron imalephera kugwira. Pa tsitsi lalifupi palibe chochiposa.

Koma vuto lake ndi lalikulu, palibe amene amadziwa kuti chatentha bwanji. Kansalu kaja kamangokuuzani kuti chapyola muyezo, sikakuuzani kuti chafika pabwino. Kachigawo koyamba kamalandira moto wonse, kachitatu chipeso chazizira kale nde wokonza amabwereza kangapo, pomaliza mutu umodzi uli ndi malo opsa ndi malo osagona. Mafuta aja nawo sateteza ayi, akakumana ndi chitsulo chotentha amakazinga tsitsi ngati mbatatesi pachiwaya, fungo lija timati la tsitsi lokonzedwa ndi fungo la tsitsi lomwe likupsa, ndipo mafuta otenthawo amayenderera mpaka pakhungu. Zipsera za pakhutu ndi pakhosi ambiri tili nazo. Mu 1968 madokotala ku America analemba za dazi loyambira paliwombo mwa azimayi akuda nkulitcha hot comb alopecia, pambuyo pake zinadziwika kuti limagwiranso ena oti chipesochi sanachigwiritsepo, nde sitinganene kuti gwero ndi chokhacho, koma chodziwika nchakuti khungu la m'mutu likachita chipsera tsitsi silimeranso pamenepo. Ngati chipeso mumachikonda, bola cha magetsi chokhala ndi potembenuza moto. Cha pambaula pamutu pa mwana wamng'ono ine ndimakana, mwana sakhazikika ndipo khungu lake ndi lofewa.

Bulowa ndi ina. Iyoyi siigoneka tsitsi mpaka kuchita see ayi, imangolitambasula, limatalika, limafewa, limapeseka, koma limakhalabe lodzadza. Moto wake ndi wocheperapo chifukwa ndi mpweya wotentha osati chitsulo chopana tsitsi, nde pa zitatuzi ndi yomwe imawotcha pang'ono. Pomwe imaonongera ndi pa kachipeso kaja timaveka kutsogolo kwake. Mukakhala pa saluni wina akukukokani ndi kachipeso kameneko tsitsi lili lonyowa losamasula, mumamva kuti tha tha tha, mukayang'ana pa thawulo la paphewa pali titsitsi tatifupitifupi tambirimbiri, timeneto sitinathothoke kumizu, taduka pakati. Njira yabwino ndi kuyamba mwamasula ndi zala komanso chipeso cha mano otalikirana conditioner ali m'mutu, kugawa zigawo, kudikira liyambe kuuma lokha, kenako kugwira kachigawo kunsonga nkukakoka pang'ono kuti kawongoke uku mpweya mukuulozetsa kuchokera kumizu kutsikira kunsonga, moto wapakati, pomaliza mpweya wozizira. Kachipeso kazibwera tsitsi litatsala pang'ono kuuma.

Kuipa kwina kwa bulowa ndi magetsi. Zambiri zimakoka mawati 1,500 mpaka 2,000, nde kasola ka panyumba ndi ka inverter kake sikangainyamule, mayunitsi imadya, ndipo magetsi akazima muli pakati mutu umatsala mbali ina yotambasuka mbali ina yokhwinyata. Koma pa nyengo yathu ili ndi mwayi umodzi womwe anthu sauwerengera: popeza tsitsi silinagone kwambiri, nkhungu ikaligwira kusintha kwake sikuoneka moipa, limangodzadzirako, mumalimanga kumbuyo nkumapita. Simukhala ndi chilakolako chobwereza moto.

Flat iron ndi yomwe imapereka chomwe ambiri amafuna, tsitsi losalala, lowala, logwedera ukatembenuka. Ndi yomwenso yapha tsitsi lambiri zaka zino chifukwa yafala ndipo aliyense akuzipanga yekha kunyumba. Zambiri zimafika madigiri 230 a Celsius, ndipo pamenepo keratin yeniyeniyo imayamba kuonongeka, sizibwereranso. Nde chinthu choyamba pogula, isanakhale nkhani ya dzina kapena mtundu, onani ngati ili ndi posankha madigiri. Ija ya batani limodzi la on ndi off isiyeni olo itchipe bwanji, siikusiyana ndi chipeso cha pambaula, ndi moto wosadziwika womwewo. Tsitsi lopyapyala, lodaya kapena lomwe linalowapo relaxer ndimaika pa 150 mpaka 170, lokhuthala lolimba 180 mpaka 190, kupyola 200 sindipita kaya kasitomala akakamire chotani. Za mapuleti, a titanium amatentha msanga ndipo moto wake umalowa mwamphamvu, ndi abwino m'manja mwa munthu wozolowera wachangu, a ceramic ndi odekha, kwa wozikonza yekha ndi amenewo. Zotchipa zambiri ndi chitsulo chongopaka ceramic pamwamba, utoto uja ukayamba kusupuka chimakoka tsitsi ndipo chimatentha mosiyanasiyana, ikafika pamenepo yatha ntchito.

Pali kanthu kena koti muonetsetse mukaipeza pa kaunjika kapena wachibale akakutumizirani. Magetsi athu ndi a 230V pomwe a ku America ndi a 120V, werengani pa chogwirira kapena pa pulagi, ikalembedwa 100-240V ili bwino, ikalembedwa 110V kapena 120V yokha musailowetse pakhoma, itentha mopyola kapena kupseratu. Mbali yabwino, flat iron siidya magetsi ngati bulowa, zambiri sizifika mawati 100 zikatentha, nde amene muli ndi sola yabwinoko mutha kuigwiritsa.

Chomwe ndimachonderera aliyense ndi ichi, flat iron isakhudze tsitsi lonyowa, olo la chinyontho pang'ono. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100, inu mwaika 180, nde madzi omwe ali mkati mwa tsitsi amawira momwemo nkupanga timatuza mkati, tsitsi limakhala lophwanyika ndipo limadukira pamenepo. Mukamva tsss ndikuona nthunzi yambiri, imani. Kuno kozizira tsitsi lokhuthala limanyenga, pamwamba louma koma pakati pamutu kumizu kudakali konyowa, lowetsani zala mufufuze. Tengani tizigawo tating'ono toti mapuleti atigwire tonse, kachipeso ka mano ang'onoang'ono katsogole flat iron izitsatira pambuyo, ulendo umodzi wodekha osaima panjira. Kudutsa kamodzi pa 185 nkwabwino kuposa kudutsa kanayi pa 160. Musanayambe pakani heat protectant, yang'anani yolembedwa dimethicone kapena silicone wina pa botolo, imachedwetsa moto kulowa. Mafuta a coconut, a nsatsi ndi Vaseline ndi abwino nthawi zina koma si a ntchito imeneyi.

Ena mundifunsa kuti bwanji osangothira relaxer zithe. Zoona nkhungu siilibweza tsitsi la relaxer, koma imeneyo ndi nkhani ina, kumeneko mwatsanzikana nalo la natural mpaka limere lina. Relaxer wa lye ndi sodium hydroxide, wa no-lye ndi calcium hydroxide wosakaniza ndi guanidine, onse amadula timfundo tolimba tija ndipo onse amatha kuwotcha khungu, kenako retouch masabata 8 mpaka 12 aliwonse. Mu 2022 kafukufuku wa National Institutes of Health ku America, wa azimayi oposa 33,000, anapeza kuti omwe ankagwiritsa mankhwala owongola tsitsi kupitirira kanayi pachaka khansa ya mkati mwa chiberekero, osati ya khomo la chiberekero, inkawagwira mochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi osagwiritsa. Sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa, koma ine zinandikwanira kuti ndizimuuza kasitomala asanasankhe. Ndipo amene muli kale pa relaxer nkumaonjezeranso flat iron sabata iliyonse, tsitsi lanu likumenyedwa kawiri.

Nde ine ndimasankha chiti? Flat iron ya madigiri, koma osati yoyenda ndi bulowa nthawi zonse, ndimaiphatikiza ndi ulusi. Ee, ulusi womwe uja agogo ankatimanga. Mukachapa nkupaka conditioner, mangani ulusi tsitsi lili lonyowa pang'ono, lisiyeni liume lokha, kuno zimatha kutenga tsiku lathunthu kapena kupitirira nde yambani msanga ngati mwambo uli Loweruka. Mukamasula limakhala litatambasuka kale popanda moto uliwonse, flat iron imangodutsa kamodzi nkugona. Musamangitse kwambiri m'mbali mwa chipumi, tsitsi la pamenepo ndi losalimba ndipo likazolowera kukokedwa limathawa. Bulowa ndimaisungira tsiku loti nthawi palibe.

Komanso ndimayang'ana mwezi. Kuyambira kumapeto kwa August mpaka mvula isanayambe mu November mpweya ndi wouma, tsitsi la flat iron limatha kukhala sabata ziwiri mukalisamala, ndipo ndi nthawi yomwenso maukwati amachuluka. June, July ndi dzinja lonse musataye ndalama, pangani ulusi kapena bulowa basi, kapena lukani. Moto wa flat iron kamodzi pamwezi nkokwanira, kutalikitsa kuposa apo ndi bwinonso.

Kuti likhalitse, usiku lipeseni mozunguliza mutu nkumanga kansalu koterera ka satin, duku la chitenje limamwa mafuta ndipo limalikwecha. Chipewa cha ubweya chija timavala kukazizira chimodzimodzi, satin pansi chipewa pamwamba. Kubafa nthunzi ya madzi otentha a mu ndowa imalibweza msanga kuposa nkhungu, valani shower cap pamwamba pa kansalu kaja, pophika nsima mumangenso mutu. Likayamba kutupa kumizu musayatse kanthu achemwali, limangeni kumbuyo kapena lukani mizere iwiri mpaka tsiku lochapa.

Tsiku lochapalo ndi lomwe limakuuzani zoona. Madzi akangolowa tsitsi lonse likuyenera kupotananso ngati kale. Mukaona zigawo zina, kawirikawiri kutsogolo ndi kunsonga, zangoti lende zowongoka olo mutazinyowetsa bwanji, pamenepo papsa. Treatment ya protein ndi steam zimathandiza kuti pasaduke msanga koma sizibweza kupotana, mankhwala ake ndi sizasi, kudula pang'onopang'ono uku latsopano likumera, ndipo limamera pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Pa nthawi yonseyo moto muusiye kaye, muziyenda ndi ulusi ndi zoluka zosamangitsa.