RASPA patatha miyezi 8: methane ikuthamanga, isobutane yakhazikika pamphambano

Ndinayamba kugwiritsa ntchito RASPA, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera mmene mamolekyu amalowera ndi kuyendera m'zinthu za timabowo, mu Febuluwale, nditangolowa kumene mu labu kuno ku Joni, ndipo masiku amenewo ndinkangoitamanda kwa aliyense. Papita miyezi 8. Ndikuikondabe, koma ndikufuna anzanga akumudzi amene akuyamba maphunziro amenewa, monga omwe timakumana ku Braamfontein, adziwe pomwe imathandiza ndi pomwe imalekezera.

Ntchito yanga ndi yoona pakompyuta mmene mamolekyu a methane, ethane ndi butane amayendera m'kati mwa zeolite (chinthu cholimba chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono) yotchedwa silicalite-1, m'bale wake wa ZSM-5 uja wa kampani ya Mobil. Amalume anga amene amasoka zovala ku Fordsburg nditawafotokozera anati, "Ndiye kuti ndi sefa wa ufa eti, mphwanga?" Sanalakwe kwenikweni. Kungoti sefa ameneyu ali ndi tinjira totalika, ta pafupifupi 5.5 Å m'mimba mwake (Å ndi muyeso wa kukula kwa tinthu tating'ono ngati maatomu), tina towongoka, tina tokhotakhota, ndipo timakumana pamphambano.

Pulogalamuyi inalembedwa ndi a David Dubbeldam, a Sofia Calero, a Donald Ellis ndi a Randall Snurr. Ndi yaulere, ili pa GitHub, ndipo imabwera ndi fayilo ya MFI (dzina la kapangidwe ka silicalite-1) komanso mamolekyu okonzakonza a TraPPE (mndandanda wa manambala ofotokoza mmene mamolekyu amakokerana ndi kukankhana). Chimenechi chokha chinandipulumutsa masabata angapo. Pokonza bokosi loyendetseramo mamolekyu muchenjere: cutoff (mtunda umene pulogalamu imalekezera kuwerengetsera kukokana kwa maatomu) ikakhala 12 Å, mbali iliyonse isachepere 24 Å. Selo imodzi ya MFI, kachigawo kamene kamabwerezedwabwerezedwa mu zeolite, ndi ya 13.4 Å chabe mbali ya z, choncho ndimaika maselo 2x2x2, omwe ndi maatomu 2,304.

Pa methane sindinganene choipa. Pakangotha ma nanosecond ochepa, galafu ya MSD (yoonetsa mtunda umene mamolekyu asuntha pakapita nthawi) imawongoka bwinobwino, ndipo pa kutentha kwa 300 K ndimapeza D, nambala yoonetsa kufulumira kwa kufalikira kwa mamolekyu, yoyandikira 10⁻⁸ m²/s, yogwirizana ndi zimene gulu la a Jörg Kärger ku Leipzig linayeza mu labu ndi njira ya maginito yotchedwa PFG NMR. Chinandikhudza mtima ndi kuona molekyu ikuyenda msanga mbali ya y, komwe kuli njira zowongoka, koma ikuchedwa mbali ya z. Kumeneko kulibe njira yakeyake, imachita kusinthasintha pakati pa yowongoka ndi yokhota kuti isunthe. Ndinali nditawerenga kale zimenezi, koma kuziona zikutuluka pa laputopu yanga n'zina.

Vuto linabwera mu Juni, kukuzizira koopsa, nditayamba isobutane. Maatomu ake ndi omwewo a n-butane, koma ili ndi nthambi. Nthambiyo imaipangitsa kukonda pamphambano pomwe pali malo otakasuka, ndipo mphambano zilipo 4 zokha mu selo iliyonse. Ikakhala pamenepo imangonjenjemera, kudumpha n'kwa apo ndi apo. Ine ndinatenga kamzere kopendekeka pang'ono pa galafu, n'kuwerengetsera D, n'kupita nayo kwa aphunzitsi anga. Anayang'ana kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Molekyu yanuyi yadumphapo kangati?" Tinatsegula kanema wake mu VMD, pulogalamu yoonera mamolekyu, tonse awiri. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inachoka pamphambano pake. Nambala ija inali ya kunjenjemera basi. RASPA inachita zimene ndinaiuza, koma siingakuuzeni kuti nthawi mwaipatsayo yachepa. Muyenera kuona nokha pa galafu ya log-log ngati kupendekeka kwa mzere wa MSD kwafika pa 1.

RASPA 2, yomwe ndimagwiritsa ntchito, imagwira pa core imodzi yokha ya purosesa, choncho ntchito zazitali ndinazisamutsira ku pulogalamu ina, LAMMPS, pa Lengau, kompyuta yaikulu ya bungwe la CHPC ku Cape Town. RASPA ndimaigwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku pa njira yowerengetsera ya Monte Carlo, poona kuti zeolite ikumwa mamolekyu angati, ndipo pamenepo sindinapeze ina yoiposa. Amene mumayendetsa zinthu kunyumba, yatsani ContinueAfterCrash, yomwe imalola RASPA kupitiriza pomwe inalekezera, tsiku loyamba lomwe. Magetsi atazima usiku wina, batire itatha, ndinataya ntchito ya masiku 3.

Za isobutane ndasiya kudikira kuti idumphe yokha. Panopa ndikuwerengetsera free energy (yomwe imaonetsa mphamvu imene molekyu ikufunikira kuti idumphe) m'kanjira kowongoka, kuchokera pamphambano ina kukafika pa inzake, kuti ndipeze D kudzera mu transition state theory, njira yowerengetsera kuti molekyu imadumpha kangati. Theka la kanjirako latha. Lotsalalo lili pamzere ku Lengau, ndipo ndikuyembekeza kuti lituluka Lachisanu.