Ndemanga pa njere za Acacia araneosa zochokera kwa wogulitsa mbewu mumzinda wa Adelaide ku Australia

Njerezi ndinazigula kwa wogulitsa mbewu za mitengo yachilengedwe ya ku Australia, ndipo popeza mbande zake tsopano zakhazikika m'munda mwanga, ndikhoza kunena mosakayika kuti ndi katundu wabwino, koma woyenera munthu wodekha amene malo ake sasunga madzi.

Acacia araneosa ndi kamtengo kosowa kwambiri, kamene kamamera kokha m'dera laling'ono la kumpoto kwa mapiri a Flinders Ranges ku South Australia, cha ku Arkaroola ndi Balcanoona, m'dziko la anthu a Adnyamathanha. Katswiri wa zomera David Whibley ndiye anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1976, ndipo boma la Australia linakaika pa mndandanda wa zomera zimene zili pachiopsezo, makamaka chifukwa akalulu ndi mbuzi zakutchire zimadya timbande tisanakule. Ichi n'chifukwa chake chinthu choyamba chimene ndinafunsa ndisanalipire chinali gwero la njerezo. Wogulitsayo anandiyankha mwaulemu ndi mwachangu kuti amazitola pa mitengo yochita kudzala, osati m'mapiri. Kwa ine yankho limeneli linali lofunika kuposa mtengo wa paketi, pakuti kutola njere pa malo a boma kumafuna chilolezo, ndipo sindikanakonda kukongoletsa bwalo langa pochepetsa mbewu ya kuthengo.

Njerezo zinafika zouma bwino, zopanda nkhungu kapena zofumbwa. Khungu lake ndi lolimba ngati mmene zilili njere zambiri za mtundu wa Acacia, choncho malangizo a pa paketi ankati ndizithire madzi owira kumene n'kuzisiya usiku wonse. M'mawa mwake zambiri zinali zitafufuma, ndipo zimenezo ndi zimene zinayamba kumera m'machubu a mchenga wosakaniza ndi timiyala. Zosafufuma ndinazikanda pang'ono ndi sandpaper, ndipo zina mwa izo zinatsatira pambuyo pake.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kusintha kwa masamba. Kambande kamayamba ndi timasamba ting'onoting'ono tondandana ngati ta mthethe, koma pakapita nthawi timasambato timaleka kutuluka, ndipo m'malo mwake mumabwera tizingwe tobiriwira, topyapyala ndi tatitali, tolendewera pansi. Kwenikweni tizingweti ndi timapesi ta masamba timene tatenga ntchito ya tsamba, ndipo m'mene zomera zina za m'chipululu zimatetezera madzi ake ndi momwemo. Pa mbande imodzi ndinaona mitundu iwiri yonseyi pa kanthambi kamodzi, timasamba titakhala kunsonga kwa kachingwe. Minga palibe.

Dandaulo langa lili pa malangizo, amene anathera pa kameredwe osanenapo kanthu za kuwokera. Dothi la madera ambiri a Adelaide ndi lamakande, ndipo mvula yathu imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu June mpaka August, pomwe kwawo kwa kamtengoka mvula ndi yochepa ndipo madzi amatsetsereka msanga pamiyala. Wogula wosadziwa angaike mbande m'dzenje lamakande, mizu n'kuola. Ine ndinaunjika mulu wa mchenga ndi miyala pa malo a dzuwa tsiku lonse, ndipo ndimathirira mwa apo ndi apo. Paketiyo inayeneranso kuchenjeza za feteleza wamba wa m'dimba, popeza zomera zambiri za ku Australia sizigwirizana ndi fosiforasi wochuluka, komanso Acacia amadzipezera yekha nayitirojeni kudzera m'tizotupa ta m'mizu.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Ofuna mthunzi wamsanga asagule, chifukwa nthambi zake ndi zapatalipatali. Amene ali ndi malo otsetsereka amiyala agule, koma akonzeretu waya wotchingira akalulu asanawokere.