Boti loyamba la banja: la matabwa, la faiba kapena la aluminiyamu?

Mlamu wanga anandiimbira foni atawona pa Facebook boti la faiba lonyezimira, lamipando yofewa, injini ya 115 HP (muyeso wa mphamvu ya injini) kumbuyo, mtengo wake wooneka ngati wobwera nawo Mulungu. Funso lake linali loti atumize liti ndalama. Ine ndinamufunsa lina: injiniyo ikakana kulira muli ku Senga Bay Loweruka masana, ndani adzaitsegule? Anakhala kaye chete. Ndiye ndati ndilembe zomwe tinakambirana, poti ambiri amene akufuna kaboti kogwirapo kale ntchito koyendera ndi ana pa nyanja ya Malawi amayambira pomwepo, kuyang'ana utoto m'malo moyang'ana injini.

Maboti omwe munthu wa ndalama zochepa angawapeze kuno ndi amitundu itatu.

La matabwa ndi lija timaliona tsiku lililonse kwa asodzi a chilimila ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Pogula ndiye lotsika mtengo kuposa onse, ndipo amisiri olikhoma ndi kulikonza ali pafupifupi pa doko lililonse lalikulu. Thabwa likawola amachotsa lomwelo n'kuika lina, ntchito yatha. Kulemera kwake kumathandizanso pa mafunde, chifukwa silidumphadumpha ngati chikho. Koma boti la matabwa limafuna mwini wokhala ku gombe. Ukalisiya pamtunda milungu ingapo, matabwa amauma n'kutseguka, ndipo tsiku lolibwezera m'madzi ana amathera ulendo wonse akukapa madzi ndi chigubu chodula. Ukalisiya m'madzi popanda woliyang'anira, mvula kapena mwera zimalidzaza. Kulikoka ndi galimoto kupita nalo ku Lilongwe, iwalani. Komanso lomwe msodzi akugulitsa nthawi zambiri ndi lomwe watopa nalo kumata. Matabwa olimba ngati a mlombwa ndi mbawa akusowa masiku ano, choncho funsani kuti linakhomedwa ndi matabwa amtundu wanji, ndipo mutenge msomali muzibaya pansi ndi m'makona. Pomwe msomali walowa mosavuta, pamenepo pawola. Ngati kwanu n'kunyanja ndipo pali wachibale woliyang'anira, boti ili si loipa ayi. Kwa wa m'tauni wobwera kamodzi pa mwezi, ndi mtolo.

La faiba ndi lomwe mabanja ambiri amalilota, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Ambiri mwa maboti amenewa anachokera ku South Africa, ena anabwera kalekale ndi eni makoteji ndi malo ogona alendo, ena akubwerabe pa tirela kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Faiba siiwola, siichita dzimbiri, ikhoza kukhala pabwalo miyezi osaonongeka bola mwaiphimba ku dzuwa. Chomwe ogulitsa satchula n'choti m'kati mwa faibayo, makamaka m'maboti akale, muli matabwa. Khoma lakumbuyo lomwe injini imamangidwapo nthawi zambiri ndi pulayiwudi yokutidwa ndi faiba, pansi popondapo chimodzimodzi. Madzi akalowera m'mabowo a mabawuti, pulayiwudiyo imawola mwakachetechete kunja kukuwalabe. Ine ndinaphunzira ndi thumba langa: boti langa loyamba ndinagula kwa bambo wina waulemu kwambiri, tinamwera limodzi tiyi, koma patatha miyezi ingapo khoma lakumbuyo linayamba kusweka m'makona. Kukonza kwake kunandidyera ndalama zoti ndikanagulira kainjini kena.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Kwezani mwendo wa injini, muugwire kumunsi n'kuukankha mwamphamvu m'mwamba ndi pansi. Khomalo lisagwedezeke ngakhale pang'ono. Gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: polimba pamalira mwakuthwa, powola pamamveka phuphuphu. Yendani pansi ponse opanda nsapato, mumve ngati pena pakubonyoka. Tsegulani kachitseko kotulutsira madzi kumbuyo. Akatuluka ambiri abulawuni onunkha, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Funsaninso kumene botilo linkayenda. Lochokera ku Durban kapena ku Cape Town lamwa madzi amchere, ndipo mchere umadya injini, mawaya ndi tirela. Lomwe linkayenda pa Vaal Dam, damu la madzi opanda mchere la ku South Africa, kapena pa nyanja yathu yomwe ino lili ndi mwayi woposa.

Pa faiba pomwepo pali mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Pali timaboti tothamanga tokokera anthu pa ski, tafupi m'mbali, tomwe anatipangira madamu abata. Palinso maboti otseguka, aatali, okwera kutsogolo, ngati omwe amanyamula alendo ku Cape Maclear kupita ku chilumba cha Thumbi. Nyanja yathu si damu. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umatha kudzuka m'mawa nyanja ili phee, pofika masana mafunde afika poti ngakhale asodzi akokera maboti kumtunda. Kaboti ka ski pamenepo kamamwa madzi kutsogolo. Lotsegukalo silokongola pa chithunzi, mipando yake ndi mabenchi, koma ndi lomwe ndingakwezemo ana anga.

La aluminiyamu ndinena mwachidule chifukwa ogulitsa ndi ochepa, ndipo amene ali nalo salitaya wamba. N'lopepuka, anthu awiri kapena atatu amalikokera pamchenga, injini yaing'ono imalikwanira, galimoto wamba imalikoka. Pa mtsinje wa Shire cha ku Liwonde kapena pa nyanja ya Malombe ndi labwino zedi. Pa mafunde a nyanja yaikulu limamenya msana ndipo limachita phokoso, dzuwa la Okutobala likawomba limatentha ngati chiwaya. Likang'ambika pamafunika wowotcherera aluminiyamu, osati wa mageti wa pamsika. Mukalipeza pa mtengo wabwino, onani ma rivet, timisomali tolumikiza zitsulo zake, ngati sakudontha.

Tsopano injini, yomwe kunena zoona ndiyo mukugula. Pa boti lakale lotchipa, injini ndiye gawo lalikulu la mtengo, chigobacho chimangotsagana nayo. Ya two-stroke ngati Yamaha Enduro ya 15 kapena 40 HP ndi imene asodzi ambiri amagwiritsa ntchito. Imamwa mafuta, imafuka utsi, imafuna kusakaniza oyilo ndi petulo, kawirikawiri theka la lita pa malita 25, ngakhale ndi bwino kuona buku la injini yanuyo. Koma makaniko wa ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay amaidziwa ngati chikhatho chake, ndipo mapulagi, impela (kampira kopopa madzi oziziritsa injini) ndi zina zimapezeka. Ya four-stroke ndi yachete, yosamala mafuta, yabwino kucheza muli pamadzi. Vuto ndi yakale yaikulu yoyendera kompyuta: ikadwala imafuna makina oiyezera, ndipo chipangizo chake muziitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikuvutazi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachitsulo kakang'ono kochokera ku Johannesburg kamatha kuimika boti nyengo yonse ya tchuthi.

Za mafuta muwerengeretu. Two-stroke ya 40 HP mukaitsegula yonse imamwa pafupifupi malita 20 pa ola, ndiye kuti thanki ija yofiira yatha musanakhute nyanja. Ya 115 ija ya mlamu wanga imamwa pafupifupi kawiri pamenepo kapena kuposa. Ya 15 imamwa pang'ono koma ndi banja la anthu asanu ndi katundu wawo muziyenda ngati mukuperekeza mkwatibwi, zomwe sizoipa ngati cholinga n'kukawedza ndi kusambira pafupi.

Osagula injini yomwe simunaimve ikulira ili yozizira. Fikani m'mawa, gwirani mutu wake. Ngati ndi wofunda, mwini wake anaidzutsiratu kuti ibise ulesi. Ikalira, kamadzi kaziturukira kumbuyo mwamphamvu ngati mkodzo wa mwana, kusonyeza kuti pampu yoziziritsa ikugwira. Makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ayeze kompuresheni (mphamvu yopanikiza mpweya) ya masilinda onse, manambala akhale oyandikana. Amasule kabawuti ka oyilo wa giya kumunsi: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa. Kenako botilo lilowe m'madzi ndi anthu onse amene azikwera, chifukwa injini yolira bwino mu mgolo imatha kufooka ikasenza katundu. Nambala ya injini igwirizane ndi ya pa mapepala. Mainjini amabedwa m'madoko, ndipo yofufutidwa nambala idzakufikitsani kupolisi.

Tirela anthu amaiiwala mpaka tayala litathothoka potsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Onani mabering'i, matayala ndi magetsi. Boti lochokera kunja likhale ndi mapepala a MRA, ndipo za kalembera ndi chiphaso choyendetsera mukafunse ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi musanalipire. Pa bajeti yomweyo muikemo majekete oyandamitsa okwana aliyense, a ana akhale a saizi ya ana, nangula ndi chingwe chake, nkhafi ziwiri ndi chokapira madzi.

Mlamu wanga ndinamuuza kuti asiye lonyezimira lija, afunefune la faiba lotseguka la mamita asanu kapena kuposerapo pang'ono, khoma lakumbuyo lolimba, ndi two-stroke ya 40 yomwe makaniko waivomereza. Anadandaula kuti alamu, limenelo likuoneka ngati la ganyu yonyamula alendo. Loweruka likubwerali tikupita limodzi ku Salima kukaona lina, ndipo sikuludiraiva ndaika kale m'galimoto.