Kiliniki yathu ya ma ARV kuno ku Thyolo: mankhwala sasowa, koma za viral load zikuchedwa

Ndakhala ndikulandira mankhwala pa kachipatala kakwathu kuno kuyambira 2012, nde zomwe ndikunenazi ndaziona ndi maso anga. Dzina la chipatalacho sinditchula.

Zabwino zilipo ndithu. Kale timapita mwezi ndi mwezi, kudzuka 4 koloko kudutsa m'minda ya tiyi mame ali thoo kuti ukapeze malo pa benchi, pano amatipatsa a miyezi 6 kamodzi basi, ndipo chibwerereni ma ARV atsopano otchedwa TLD mu 2019 chizungulire chija ndi maloto oyipa usiku za mankhwala akale aja zinatheratu. Bactrim naye timalandira. Mayi wina expert client (mnzathu wa pa ma ARV amene amathandiza pa kiliniki) ukangophonya tsiku lako amakuimbira foni, ukapanda kuyankha amafika pakhomo mwakachetechete osakuyalutsa kwa aneba. Mayi ameneyu Mulungu awadalitse. Gulu lathu la m'mudzi la omwa ma ARV (CAG) lomwe linayamba nthawi ya a MSF, bungwe la madokotala lija, lidakalipo, mmodzi amakatengera anzake.

Miyezi itatu iliyonse kumabwera anthu a ku unduna wa zaumoyo kudzayendera. Ndinawaonapo, akhala patebulo ndi mulu wa ma mastercard athu (makadi a kuchipatala olembapo za mankhwala a aliyense), akuwerenga amene asiya mankhwala, amene amwalira, amene asamukira kwina, kenako mabotolo otsala ku famasi. Ntchito yabwino imeneyo, ndikhulupilira ndi chifukwa chake mankhwala satithera.

Koma nkhani ya viral load, kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi, imandiwawa. Ananditenga magazi pachala mu June, kudontheza pa kapepala kaja, akuti apita ku labu pa njinga yamoto. Zotsatira ndinazimva mu October abale! Ndipo anesi anangoti "amayi zili bwino, pitani", nambala osandiuza, mu health passport osalemba. Ndinachita kuwakakamira ndi pomwe anandifotokozera kuti ikadutsa 1000 ndiye kuti kachilombo kakuchulukana, mwina ukudumphitsa kumwa kapena mankhwalawo asiya kugwira. Nanga amene yake yadutsa 1000 adikire miyezi 4 osadziwa kanthu? Sindikuwada anesiwo ayi, amakhala awiri okha anthu ali mbwee panja.

Pempho langa kwa oyenderawo, mukamaliza makadi aja tulukani mudzakhale nafe pa benchi ngakhale mphindi 10, mutifunse kuti zotsatira zathu tinazimva liti ndipo anatifotokozera chani. Ine ndibweranso mu April, mundipeza pamenepo.